Tola kapena lota? Mmene akatswiri amadziwira mamangidwe a molekyulu osaiona ndi maso

Tengani zilembo zinayi izi: t, o, l, a. Mukaziyala chonchi mupeza liwu loti "tola". Mukasinthanitsa malo a t ndi l mupeza "lota". Zilembo ndi zomwezo, palibe chomwe mwaonjezera kapena kuchotsa, koma wotola nkhuni kuthengo ndi wolota ali pamphasa sakuchita chinthu chimodzi ayi.

Mu kemisitiri mulinso nkhani yotereyi. Fomyula ya C₂H₆O ikutiuza kuti pali maatomu awiri a kaboni, 6 a haidrojeni ndi imodzi ya okosijeni. Mukawayala kuti CH₃–CH₂–OH mwapanga ethanol, uja amaledzeretsa mu mowa, wamadzimadzi, wowira pa 78 °C. Mukaika okosijeniyo pakati, CH₃–O–CH₃, mwapanga dimethyl ether, mpweya umene umawira pa −24 °C. A Fomu 3 ndi Fomu 4 mukulidziwa kale dzina la zinthu zoterezi: ma isomer.

Tsono pali funso limene timakonda kulilumpha tikamaloweza za mayeso. Munthu amene anayamba kujambula mamangidwe amenewa anawadziwa bwanji? Molekyulu ndi yaing'ono moti maikulosikopu ya mu labotale yanu singaione. M'kadontho kamodzi kokha ka madzi muli mamolekyulu ochuluka kuposa nambala ya 1 yotsatizana ndi maziro 21. Ndiye munthu angaloze bwanji kuti okosijeni yakhala apa, osati apo?

Akatswiri saiona molekyuluyo. Amaifunsa mafunso, iyo n'kumayankha. Njira ziwiri zimene amagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku ndi infrared spectroscopy, mwachidule IR, ndi nuclear magnetic resonance spectroscopy, mwachidule NMR. Mayinawa asakuopseni. IR imafunsa kuti, "Muli magulu ati a maatomu mwa iwe?" NMR imafunsa kuti, "Mahaidrojeni ako akukhala pati, ndipo ayandikana ndi ndani?" Mukaphatikiza mayankho awiriwa, chithunzi cha molekyulu chimatuluka chokha.

IR: mabondi sakhala phee

Mu 1800, William Herschel wa ku England anadutsitsa kuwala kwa dzuwa mu prism kuti kugawike m'mitundu ngati ya utawaleza, n'kumayeza kutentha kwa mtundu uliwonse ndi thermometer. Ataisunthira kupitirira mtundu wofiira, pamalo pomwe maso sankaonapo kuwala kulikonse, anadabwa kuona kuti pamenepo m'pomwe pakutentha kwambiri. Anali atapeza cheza cha infrared. Inunso mumachidziwa cheza chimenechi: ndi chija chimakufikani pankhope mukakhala pafupi ndi mbaula ya makala, ngakhale simunaikhudze.

Nanga chikugwirizana bwanji ndi mamolekyulu? M'makope mwathu bondi timaijambula ngati kamzere kowongoka, ngati kandodo kouma. Zoona zake n'zakuti bondi ili ngati sipuling'i. Nthawi zonse imatamuka n'kubwerera, imapindika n'kuwongoka, ndipo bondi iliyonse ili ndi liwiro lakelake la kanjenjemeredwe.

Zinthu ziwiri ndi zimene zimalamula liwiroli, ndipo aliyense amene anagwirako gitala akuzidziwa. Chingwe chokungika kwambiri chimanjenjemera mofulumira n'kutulutsa mawu aang'ono, pomwe chingwe chonenepa ndi cholemera chimanjenjemera pang'onopang'ono n'kulira besi. Mabondi nawonso ndi choncho. Bondi yamphamvu imanjenjemera mofulumira: C=O imaposa C–O. Bondi imene kumapeto kwake kuli atomu yopepuka imafulumiranso, n'chifukwa chake O–H, N–H ndi C–H ndi zimene zili patsogolo pa zonse, paja haidrojeni ndiye atomu yopepukitsitsa.

Makina a IR amadutsitsa cheza cha maliwiro osiyanasiyana m'chinthu chimene tikuyeza. Bondi ikakumana ndi cheza chimene liwiro lake likufanana ndi lake, imachimeza. Kutsidya kwake kuli kachipangizo kowerenga cheza chimene chadutsa ndi chimene chasowa. Kompyuta imajambula girafu yotchedwa spectrum: mzere umayenda m'mwamba, ndipo pomwe cheza chamezedwa umatsika n'kupanga kachigwa. Manambala a m'munsi mwa girafuyo amayambira pa 4000 kumanzere mpaka pa 400 kumanja, ndipo muyezo wake ndi cm⁻¹, kutanthauza kuchuluka kwa mafunde amene akukwana mu sentimita imodzi. Nambala ikakula ndiye kuti bondi ikunjenjemera mofulumira.

Zigwa zofunika kuzidziwa si zambiri:

- 3200 mpaka 3600, chigwa chachikulu chotambalala ngati lilime: O–H ya ma alkanol.
- 2500 mpaka 3300, chotambalala kwambiri ndiponso chosalongosoka: O–H ya ma alkanoic acid.
- 2850 mpaka 3000: C–H. Izi zimapezeka pafupifupi m'molekyulu iliyonse ya kaboni, choncho sizitiuza zambiri.
- 1680 mpaka 1750, chigwa chakuya ndi chosongoka ngati mkondo: C=O.
- 1000 mpaka 1300: C–O.

Mwina mukufunsa kuti bwanji chigwa cha O–H chimatambalala chonchi. Chifukwa chake ndi ma hydrogen bond. M'madzimadzi mamolekyulu a alkanol amagwirana, ena mwamphamvu ena mofooka, ndiye mabondi awo a O–H sanjenjemera pa liwiro limodzi ndendende. Zili ngati kwaya imene aliyense wayamba nyimbo pa mawu akeake pang'ono: simumva liwu limodzi lakuthwa, mumamva chiphokoso chotambalala.

Ndi mfundo zochepazi mwatha kale kusiyanitsa ma isomer athu aja. Ethanol ali ndi O–H, choncho aonetsa lilime lija cha pa 3300. Dimethyl ether alibe O–H, pamalopo mzere ungodutsa osatsika. Nkhani yatha.

Gawo la kumunsi kwa 1500 lili ndi tizigwa tambirimbiri tothinana, tovuta kumasulira kamodzikamodzi. Koma kayalidwe ka tizigwati n'kosiyana pa chinthu chilichonse, monga momwe chidindo cha chala chanu chimene munadinda polembetsa chiphaso chilili chosiyana ndi cha wina aliyense. Katswiri amangoika spectrum ya chinthu chokayikitsa pamwamba pa spectrum ya chinthu chenicheni. Zikagwirizana paliponse, ndi chomwecho. Ntchito yosonkhanitsa zidindozi inayamba kalekale: mu 1905 William Coblentz wa ku America anasindikiza ma spectrum a zinthu zoposa 100, zomwe anaziyeza ndi manja, nambala imodziimodzi. Makina a masiku ano amangofuna kadontho kamodzi kapena kaufa pang'ono pa kachidutswa ka dayamondi, ndipo mphindi imodzi isanathe yankho latuluka.

Kanthu kena kapadera: si molekyulu iliyonse imene imameza infrared. Kuti imeze, kunjenjemerako kuyenera kusintha kagawidwe ka magetsi m'molekyulumo. Naitirojeni ndi okosijeni, N₂ ndi O₂, ali ndi maatomu awiri ofanana, choncho cheza chimangowadutsa. Koma carbon dioxide, methane ndi nthunzi ya madzi zimachimeza. Ndi chifukwa chomwechi mipweya imeneyi imasunga kutentha kumene dziko likanataya kumwamba. Kusintha kwa nyengo kumene mumaphunzira mu jogalafe ndi nkhani ya mabondi onjenjemera omwewa.

Pomwe IR imathera

IR ndi yachangu, koma ili ndi malire. Imatiuza kuti muli C=O, koma sinena momveka kuti kumanzere kwa C=O kuli makaboni angati ndipo kumanja kuli angati. Ili ngati munthu amene waima paphiri n'kunena kuti, "M'mudzi uwu muli tchalitchi, chigayo ndi mjigo," koma sangakuuzeni kuti nyumba ya ndani yayandikana ndi ya ndani. Pamenepo pamafunika wolowa m'mudzimo, khomo ndi khomo. Ameneyo ndi NMR.

NMR: kalembera wa mahaidrojeni

Pakatikati pa atomu ya haidrojeni pali pulotoni imodzi, ndipo pulotoniyo imachita ngati kamaginito kakang'ono zedi. Nthawi zonse timaginito timeneti timaloza kulikonse. Koma mukatiika mkati mwa maginito aakulu, timakhala ndi njira ziwiri zokha: kuloza kumene maginito aakuluwo akuloza, kapena kutembenukira kwina. Kuti kamaginito kachoke pa kakhalidwe koyamba kupita pa kachiwiri pamafunika mphamvu yoyezeka ndendende, ndipo mphamvuyo imachokera ku mafunde a wailesi. Mafunde akafika pa liwiro loyenera, haidrojeni imayankha, monga wailesi yanu imayamba kulankhula mukangofika pa siteshoni.

Izi anazitulukira magulu awiri a ku America, osadziwana zochita: la Edward Purcell ku Harvard ndi la Felix Bloch ku Stanford. Zotsatira zawo zinatuluka mu 1946 ndipo awiriwa analandira mphotho ya Nobel mu 1952. Iwo anali a fizikisi, sankaganiza za kemisitiri. Koma mu 1951, ku Stanford komweko, James Arnold, S. S. Dharmatti ndi Martin Packard anaika ethanol m'makina awo. M'malo mwa nsonga imodzi anaona nsonga zitatu, kukula kwake kuli 3, 2 ndi 1. Tayang'ananinso fomyula ija: CH₃, CH₂, OH. Atatu, awiri, m'modzi. Makina anali atawerenga mahaidrojeni banja ndi banja. Kuyambira pamenepo kemisitiri inasintha.

Makina a NMR a lero si amasewera. Ofala kwambiri m'mayunivesite amagwira ntchito pa 400 MHz, pomwe masiteshoni a FM amathera pa 108 MHz. Maginito ake ndi a matesla 9.4, mphamvu yoposa ya maginito a dziko lapansi kuwirikiza ka 100,000 n'kupitirira, ndipo mawaya ake amawaziziritsa ndi helium wamadzimadzi pa −269 °C. Koma chinthu choyezedwacho chimafunika chochepa kwambiri: mamiligalamu ochepa, osungunulidwa m'kachubu kagalasi kotambalala mamilimita 5. Posungunula amakonda kugwiritsa ntchito CDCl₃, m'mene haidrojeni wamba anamuchotsa n'kuikamo deuterium, kuti chosungunuliracho chisachite phokoso n'kuphimba mawu a chinthu chimene tikufuna kumva.

Kuwerenga spectrum ya NMR kuli ngati kalembera wa anthu. Wowerengayo akafika m'mudzi amafunsa mafunso anayi.

*Funso loyamba: muli mabanja angati?* Mahaidrojeni amene akukhala malo ofanana m'molekyulu ndi banja limodzi, ndipo amatulutsa nsonga imodzi. Ethanol ali ndi mabanja atatu. Dimethyl ether ali ndi mahaidrojeni 6, koma onse akukhala mofanana, pa CH₃ yolumikizana ndi okosijeni, choncho nsonga ndi imodzi yokha.

*Funso lachiwiri: banja lililonse lili ndi anthu angati?* Kukula kwa malo a pansi pa nsonga kumagwirizana ndi chiwerengero cha mahaidrojeni. Kompyuta ndi imene imayeza, n'kukupatsani manambala monga 3 : 2 : 1.

*Funso lachitatu: banjali likukhala dera liti?* Haidrojeni iliyonse yafunda maelekitironi ngati bulangete, ndipo bulangetelo limaitchinga pang'ono ku mphamvu ya maginito aakulu. Koma okosijeni ndi yadyera. Ili ngati m'bale wanu uja amakoka bulangete lonse usiku wa mu June, inu n'kutsala pamtetete. Haidrojeni yoyandikana ndi okosijeni imavundukuka, imamva maginito kwambiri, ndipo nsonga yake imasunthira kumanzere, ku manambala aakulu. Muyezo wake ndi ppm, ndipo poyambira pa 0 ndi pa nsonga ya mankhwala otchedwa TMS. Madera ake ali motere:

- 0.9 mpaka 1.3: CH₃ imene yatalikirana ndi okosijeni.
- 2.0 mpaka 2.5: haidrojeni ya pa kaboni yoyandikana ndi C=O.
- 3.3 mpaka 4.2: haidrojeni ya pa kaboni imene yagwirana mwachindunji ndi okosijeni.
- 7 mpaka 8: haidrojeni ya pa mkombero wa benzene.
- 9 mpaka 10: haidrojeni ya CHO ya ma alkanal.
- 10 mpaka 12: haidrojeni ya COOH ya ma alkanoic acid.

*Funso lachinayi: khomo loyandikana nalo muli anthu angati?* Apa m'pamene pali kukoma konse. Mukayang'anitsitsa, nsonga zambiri si mzere umodzi, zagawika timizere. Lamulo lake ndi losavuta: werengani mahaidrojeni a pa kaboni yoyandikana nayo, muonjezere 1. Mu ethanol, CH₃ yayandikana ndi CH₂, ndiye 2 + 1, timizere titatu pa 1.2 ppm. CH₂ yayandikana ndi CH₃, ndiye 3 + 1, timizere tinayi pa 3.7 ppm. Chenjerani apa, chifukwa ambiri amapunthwa pomwepa: timizereto sitikunena za banja lenilenilo ayi, tikunena za aneba ake.

Chifukwa chake? Paja mahaidrojeni oyandikana nawo ndi timaginito. Tiyerekeze aneba awiri. Onse akhoza kuloza m'mwamba, kapena onse pansi, kapena wina m'mwamba wina pansi, ndipo izi zomalizazi zingachitike m'njira ziwiri. Ndi funso lomwe lija la masamu la kuponya ndalama zachitsulo ziwiri. Zotsatira zake ndi timizere titatu, kapakati kakutalika kawiri: 1 : 2 : 1. Aneba akakhala atatu timapeza 1 : 3 : 3 : 1.

Haidrojeni ya O–H ndiyo yosakhazikika. Imadumphadumpha kuchoka pa molekyulu ina kupita pa ina, choncho kawirikawiri imatuluka ngati nsonga imodzi yosagawika, ndipo malo ake amasinthasintha. Akatswiri ali ndi kanzeru koigwirira: amathira kadontho ka D₂O m'chubu muja, n'kugwedeza, n'kuyezanso. Nsonga imene yasowa ndiyo inali ya O–H.

Tiyeni tigwire ntchito

Mwapatsidwa botolo lopanda chizindikiro. Muli zamadzimadzi zooneka ngati madzi. Mayeso ena aonetsa kale kuti fomyula yake ndi C₄H₈O₂. Ma isomer a fomyulayi alipo ambiri, koma tiyeni tiyang'ane atatu amene mumakumana nawo mu silabasi:

- butanoic acid, CH₃CH₂CH₂COOH
- ethyl ethanoate, CH₃COOCH₂CH₃
- methyl propanoate, CH₃CH₂COOCH₃

IR yaonetsa chigwa chakuya chosongoka pa 1740, china champhamvu pa 1240, ndipo pakati pa 2500 ndi 3300 palibe chigwa chotambalala, kupatula tizigwa ta C–H. Ndiye C=O ilipo, C–O ilipo, O–H palibe. Butanoic acid watuluka m'bwalo, chifukwa iye sangabise O–H yake. Atsala awiri, ndipo onse ndi ma alkanoate. Onse ali ndi C=O ndi C–O, choncho zigwa zikuluzikulu za IR zafika pothera nzeru.

NMR yapereka nsonga zitatu:

- 1.3 ppm, mahaidrojeni 3, timizere titatu
- 2.0 ppm, mahaidrojeni 3, mzere umodzi
- 4.1 ppm, mahaidrojeni 2, timizere tinayi

Timizere titatu ta mahaidrojeni 3 pamodzi ndi timizere tinayi ta mahaidrojeni 2 ndi chizindikiro cha CH₃CH₂. Mzere umodzi wa mahaidrojeni 3 ndi CH₃ yopanda mneba. Vuto n'lakuti oganiziridwa athu onse awiri ali ndi zidutswa ziwiri zomwezi! Kodi tagwa mphwayi? Ayi, tatsala ndi funso la dera. Ndani wakhudzana ndi okosijeni wokoka bulangete uja? CH₂ ili pa 4.1, ndiye kuti ndiyo yagwirana ndi okosijeni. CH₃ yayokha ija ili pa 2.0, ndiye kuti yangoyandikana ndi C=O. Mukalumikiza: CH₃–CO–O–CH₂–CH₃. M'botolo muli ethyl ethanoate, uja wa kafungo ka zipatso amene amapangidwa potenthetsa ethanol ndi ethanoic acid pamodzi ndi madontho a sulphuric acid.

Akanakhala methyl propanoate, manambala akanatembenuka: mzere umodzi uja ukanapezeka pa 3.7, timizere tinayi pa 2.3. Zidutswa zomwezo, kayalidwe kosiyana. Tola ndi lota.

Taonani kuti palibe njira imene yagwira ntchito yonse payokha. Fomyula yatipatsa chiwerengero cha maatomu, IR yachotsa woganiziridwa m'modzi, NMR yamaliza mlandu. Chala chimodzi sichiswa nsabwe. Pa mamolekyulu akuluakulu akatswiri amaonjezera NMR ya kaboni-13, imene imawerenga mabanja a makaboni m'malo mwa mahaidrojeni. Imeneyi imatenga nthawi yotalikirapo chifukwa pa maatomu 100 a kaboni, pafupifupi imodzi yokha ndiyo kaboni-13.

Phala ndi pha

Mwina wina akuti, "Zonsezi n'zokoma, koma zikundikhudza pati?" Tibwerere ku zilembo. Pa liwu loti "phala" chotsanipo "la". Mwatsala ndi "pha".

Pa ethanol, CH₃CH₂OH, chotsanipo CH₂ imodzi. Mwatsala ndi methanol, CH₃OH. Maonekedwe ake ndi ofanana ndi a ethanol, fungo lake n'lovuta kusiyanitsa, ndipo akasakanizidwa mu kachasu kapena mowa wina uliwonse, lilime silingakuchenjezeni. Koma akalowa m'thupi, chiwindi chimamusandutsa methanal, kenako methanoic acid, ndipo asidi ameneyu amaononga mtsempha wa maso. Mamililita 10 okha, masupuni aang'ono awiri, akhoza kuchititsa munthu khungu, ndipo akachulukirapo amapha. Sipiriti uja ometa tsitsi amapaka m'mutu dzina lake lonse ndi methylated spirit, chifukwa ndi ethanol wothiridwa methanol dala kuti asamwedwe. Si chakumwa ngakhale pang'ono.

Makina sanamizika ngati lilime. Pa IR onse awiri amaonetsa lilime la O–H, koma zidindo zawo za kumunsi n'zosiyana: methanol ali ndi chigwa champhamvu cha pa 1030, ethanol ali ndi zake cha pa 1050 ndi 880. Pa NMR n'zoonekeratu: CH₃ ya methanol ilibe kaboni yoyandikana nayo, choncho imaima yokha ngati mzere umodzi cha pa 3.4 ppm, pambali pa timizere tinayi ta ethanol. Mukayeza kukula kwa nsongazo mudziwanso kuti methanol alimo wochuluka bwanji.

Nkhani ina ndi ya mankhwala achinyengo. Mu 2017 bungwe la WHO linalengeza kuti m'mayiko osauka ndi ongotukuka kumene, pafupifupi mankhwala amodzi pa 10 aliwonse ndi achinyengo kapena osafika pa muyezo. Piritsi loyera ndi piritsi loyera basi, maso sangadziwe ngati muli mankhwala a malungo kapena ufa wachabechabe. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. N'chifukwa chake mabuku a miyezo ya mankhwala, monga British Pharmacopoeia, amaika IR pakati pa njira zotsimikizira kuti chinthu ndi chomwe chalembedwa pa paketi: chidindo cha mankhwalawo chiyenera kugwirizana ndi cha mankhwala enieni. Komabe IR siona bwino poizoni amene walowamo pang'ono chabe, choncho pofufuza zoterozo amaonjezera njira zina monga chromatography. Kuno kwathu ntchito yoyang'anira mankhwala ili m'manja mwa Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, ndipo ya miyezo ya zakudya ndi zakumwa ili ndi Malawi Bureau of Standards. Ntchito zoterezi zimafuna anthu odziwa kuwerenga zimene makina akunena, ndipo anthuwo amayambira pa desiki ngati lanulo.

NMR inafikanso m'chipatala. Thupi la munthu ladzaza madzi ndi mafuta, ndipo zonsezi zili ndi mahaidrojeni. Paul Lauterbur ndi Peter Mansfield anapeza njira yosandutsa mayankho a mahaidrojeniwa kukhala chithunzi cha mkati mwa thupi, ndipo analandira mphotho ya Nobel mu 2003. Imeneyi ndiyo MRI. Liwu loti nuclear analichotsa m'dzinalo chifukwa linkaopsa odwala, ngakhale likungotanthauza pakatikati pa atomu, ndipo makinawa sagwiritsa ntchito cheza choopsa ngati cha X-ray. Mu 2008 makina a MRI anaikidwa pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Madokotala ofufuza, kuphatikizapo Terrie Taylor ndi Karl Seydel, anawagwiritsa ntchito kujambula ubongo wa ana odwala malungo a mu ubongo, ndipo mu 2015 anasindikiza zotsatira zoonetsa kuti ambiri mwa ana amene anamwalira ubongo wawo unali utatupa kwambiri. Fizikisi yomweyo imene inawerenga 3 : 2 : 1 mu ethanol ndiyo inathandiza kuyankha funso la chimene chimapha ana athu.

Yesani nokha

Sukulu yanu ilibe makina a NMR, ndipo musadandaule, sekondale zambiri padziko lonse zilibe. Chimene makinawa amapereka ndi manambala chabe. Ntchito yeniyeni imachitika m'mutu, ndipo imangofuna pepala ndi pensulo. Nawa mabotolo awiri, onse fomyula yawo ndi C₃H₆O.

Botolo A: IR ili ndi chigwa chosongoka pa 1715, palibe O–H. NMR ili ndi nsonga imodzi yokha, mzere umodzi, pa 2.2 ppm.

Botolo B: IR ili ndi chigwa chosongoka pa 1730 ndi kena kakang'ono pa 2720. NMR ili ndi nsonga zitatu: pa 9.8 haidrojeni imodzi, pa 2.5 mahaidrojeni 2, pa 1.1 mahaidrojeni 3.

Musathamangire yankho. Jambulani kaye ma isomer amene mukuwadziwa, muwerenge mabanja a mahaidrojeni pa aliyense, kenako mufananize.

Mwamaliza? Mu A mahaidrojeni onse 6 ali m'banja limodzi loyandikana ndi C=O, ndiye ndi propanone, CH₃COCH₃. Mu B nsonga ya pa 9.8 yaulula CHO, ndiye ndi propanal, CH₃CH₂CHO. Mu labotale ya kusukulu mukanawasiyanitsa ndi Fehling's solution kapena Tollens' reagent, poti alkanal ndiye amasintha mtundu kapena kupanga kalilole wa siliva. Mayeso amenewo amangokuuzani mtundu wa banja, pomwe NMR yakupatsani mapu a mudzi wonse.

Lomaliza ili yankho lake mulipeze ndi anzanu pa nthawi ya sitade. Propan-1-ol ndi propan-2-ol onse ndi C₃H₈O, ndipo onse amaonetsa lilime la O–H pa IR. Jambulani onse awiri. Aliyense apereka nsonga zingati pa NMR? Ndipo ndi uti amene adzakhale ndi haidrojeni imodzi yokhala ndi aneba 6, nsonga yake n'kugawika timizere 7?